Ndinatsuka Nkhope Ngati Mwala wa Mumgodi

Inu owerenga, ine ndinkakhulupirira kuti nkhope ya munthu ili ngati mwala wa mumgodi: ukaithira asidi wambiri, chonyezimira chimatuluka msanga. Sekani, koma mumve kaye. Zaka zambiri ndinagwira ntchito kupulanti kumene tinkasungunula zinki ndi asidi, ndiye ndinkadziona ngati dokotala wa zimenezi, ngakhale sukulu ndinalekezera giledi faivi.

Mgodi wa kuno ku Kabwe atautseka, tinatuluka m'nyumba ya kampani n'kukagwera kukomboni ya Makululu. Ankatidyetsa ndi akazi anga, amake Misozi, amene ankagulitsa mafuta odzola pamsika. Ine ntchito yanga inali kukhala pakhonde n'kumauza odutsa kuti kale kunali bwino.

Tsiku lina ndinamva kuti dona wina wa kumayadi ku Highridge akufuna mlonda wa pageti, koma munthu waukhondo, poti kumeneko kumabwera alendo apamwamba. Ndinadziyang'ana pagalasi. Chibwano chonse ziphuphu za lezala, masaya mawangamawanga. Ntchitoyo ndinkaifuna, abale. Mwamuna kumapempha ndi sopo yemwe kwa mkazi, zimawawa.

M'chikwama cha malonda cha amake Misozi munali timabotolo tiwiri, kena ka ziphuphu, kena kochotsa mawanga, tonse ta asidi wosupula khungu lakufa. Ndinkawamva akulangiza makasitomala awo kuti, "Lero aka, mupumule masiku angapo, kenako ako. Osaphatikiza, amayi." Ine mumtima: akazi adziwa chiyani za asidi? Timabotoloto ndinatibisa kuseri kwa wailesi.

M'mawa iwo atapita kumsika, ndinameta ndevu mpaka khungu kulira. Ndinakhuthulira tonse tiwiri m'mbale, kufinyiramo ndimu, kupereramo asipirini. Lamulo la kupulanti linali lakuti chikachedwa, wonjezera. Ndinapaka. Chinayamba kuluma. Ndinati eya, shifiti yayamba! Ndinapakanso kachiwiri.

Kenako ndinauyamba wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Pofika ku Highridge nkhope inali itatupa ngati chitumbuwa, maso atatsala timing'alu, khungu likusupuka ngati mbatata yophika. Donayo anangosuzumira pakabowo ka geti.

"Pepani madala, kukiliniki ndi uko."

Ndinati ayi madamu, ndabwerera za ulonda zija. Anandiyang'ananso, nati iwo akufuna munthu woopseza akuba, osati woopseza alendo. Kabowo kanatsekedwa. Ntchitoyo anaitenga mkulu wina wa ziphuphu kuposa ine.

Kukilinikiko nesi ananditsuka ndi madzi ambirimbiri, nandipatsa mafuta oziziritsa, n'kundiletsa dzuwa mpaka nditapola. Ankayesetsa kuti asaseke, koma mapewa ankamuulula.

Ndiye inu owerenga, makamaka atsikana okonda timabotolo, ndi madala anzanga odziyesa akatswiri, mverani wopsa kale. Mafuta a asidi ndi amodziamodzi, pang'ono, osati tsiku lililonse. Yesani kaye pamkono muone mawa lake. Osapaka pamene mwangometa, osathamangira padzuwa, ndipo ndimu isiyeni ikhale ya mutiyi. Chikaluma kwambiri, sikuti chikugwira ntchito ayi, chikukudyani. Sambani, mukafunse odziwa.

Madzulo ake amake Misozi anapeza timabotolo tawo tili kukamwa yasa! mopanda kanthu, ine nditakhala kumdima nditafunda chitenje chawo. Anachivundukula pang'onopang'ono, nandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Sanakalipe.

"Atate ake Misozi," anatero, "mgodi wa boma anatseka, ndiye inu mwatsegula wanu pankhope? Chabwino, kumbani. Zinki ikatuluka mundiuze, ndikagulitse kumsika."