Thanki Yomwe Sindinakhuthule

Chisanu chisanafike, amuna anga anandipempha kuti ndikhuthule ndi kutsuka thanki yotenthetsera madzi m'kampavani yathu, galimoto yogonamo paulendo, poti iwo anali pa shifiti ku Loughborough, kuno kutsidya kwa nyanja. Ndinatsegula kachitseko, nditaona mapaipi ambirimbiri ndinatsekanso mwaulemu.

"Mwakhuthula, amake Tadala?" anafunsa atabwera.

"Kalekale," ndinayankha, maso ali pa foni.

Mu Januwale, chisanu cha kuno chitafika pachimake, madzi anaundana, thanki n'kung'ambika. Bambowo anagwada pansi pozizira akupukuta madzi, uku akudziimba mlandu kuti sanandilongosolere bwino. Ine ndinangoima pambali nditagwira tawulo, nkhope yachisoni ngati wosalakwa.

Patatha sabata ndinaulula.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinazindikira tsiku lomwe ndinkakonza thanki lija. Sipanala yatsopano yomwe ndinakusiyirani kuti mutsegulire thankiyo ndinaipeza ikadali m'pepala lake la kusitolo. Ndimangodikira kuti munene nokha."