Chisoti cha ku Joni

Chisoti cha atate chinali chachikasu, cholimba gwa, ndipo pamphumi pake panali kachitsulo kokolekapo nyali mumgodi. Anabwera nacho kuchokera ku Joni, pamodzi ndi malata a nyumba yathu ya pachilumba ku Mbungo ndi chifuwa chosamva mankhwala. Chinkakhala pambali pa mphasa yawo. Ankalavuliramo.

Nyengo ya mwera chaka chimenecho, aphunzitsi anayamba kutiphunzitsa za mafakitale oyambirira a ku Mangalande ndi migodi ya malasha imene inkawadyetsa. Anafunsa ngati alipo amene kwawo kuli chinthu cha kumgodi choti kalasi ione. Ndinakweza mkono msangamsanga, matama ali tho. Nditawauza amayi, anatenga chisoti chija. Anachikwecha ndi mchenga ndi phulusa, n'kuchinunkhiza, n'kuchikwechanso.

Ndinachivala njira yonse ya kusukulu ku Chipyela, mphepo ikundiwomba mchenga m'miyendo. M'kalasi anzanga ankalandirana, ena akuchigogoda ndi chala. Aphunzitsi anationetsa chithunzi cha ana achizungu atada bii ndi malasha, nati fumbi linkawadya mapapo mpaka kufa asanamere ndevu. "Koma izo n'zakalekale," anatero. "Malamulo anabwera, zinatha. Tsopano lembani ubwino wa migodi ndi mafakitale: ntchito, sitima, malata." Tinalemba. Mpaka lero zimandiwawa. Munthu wamkulu, wobadwira pachilumba pomwepo, wodziwa khomo lililonse kumene kunkamveka chifuwa chimenechi, anatimvetsa chisoni ndi ana a ku Mangalande, chisoti cha atate chili m'manja mwake.

Ndinabwerera kunyumba ndikuthamanga. Ndinagwada pambali pa mphasa n'kuwalakatulira atate phunziro lonse, kuti kale anthu ankafa ndi fumbi la mumgodi koma zinatha.

"Zinatha, eti?" anatero atate. Anayesa kuseka, chifuwa n'kuwagwira. Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse chisoti chawo.

Mwera usanaleke, tinawaika m'manda. Pamayeso funso lija linabwera. Ndinalemba ntchito, sitima, malata, ndipo aphunzitsi anandichonga zonse.

Anthu ankati atate yawatenga ndi mphepo, ine n'kukhulupirira. Chimene sindinkamvetsa n'chakuti bwanji m'mawa uliwonse, atate akadali moyo, amayi ankapita ndi chisoticho kumunda wa chinangwa, atachivindikira ndi nsalu, n'kukwirira zam'katimo, ine n'kumandikalipira ndikawatsatira.