Ramu ya Malemu

Amuna anga anandisiyira ana awiri ndi kachipinda ka magemu pa Nsaru. Munali kompyuta imodzi ndi mabenchi awiri, ndipo anyamata a kabaza ndi ogula mtedza ankabwera kudzasewera mpira wa pa sikirini. Kachipindako ndiko kanali munda wathu.

Patatha mwezi chiikireni maliro, akuchimuna anabwera kudzagawa katundu wa malemu. Amalume awo, mkulu wa mpingo wosadziwa kukondera, anagamula kuti m'bale aliyense atengeko kanthu kokumbukira. Majekete anapita, njinga inapita, wailesi nayo. Alamu anga, mng'ono wawo wa malemu, anafika mochedwa kuchokera ku Kabudula n'kupeza zonse zatha. Ndinaona maso a amalume akutera pa sikirini. Sikirini ikapita, ana anga adya chiyani?

Ndinali nditaonapo amuna anga akutsegula bokosi la kompyuta popukuta fumbi. M'katimo munali timatabwa tiwiri tobiriwira, totalika ngati chala, timene ankati ndi ramu, mosungira zimene makina akuchita pa nthawiyo. Ndinamasula bokosilo, ndinazula kamodzi, ndinagwada n'kupereka kwa alamu ndi manja awiri. Amalume anakhutira. Ine ndinadziona wochenjera kwabasi, chifukwa kompyuta inayaka ndithu.

Kuchenjera kwanga kunatha sabata yomweyo. Mpira unayamba kuyenda modukizadukiza, osewera n'kumaima chilili, mpira uli m'mwamba. Anyamata ankandiseka kuti timu zanga zonse zikudwala malungo. Pang'onopang'ono anasamukira kwa munthu wina kuseri kwa chigayo, pa mabenchi anga n'kumakhala nkhuku.

Ndinakwera minibasi kupita m'tauni. Wogulitsa wina wa pakamwa pokoma ananditsimikizira kuti ramu ndi ramu basi, bola ilowe pamalo pake. Yomwe anandipatsa inali yakuda, ya kampani ina, koma kukula kwake kunali kofanana ndi yanga. Inalowadi, ndipo masiku awiri mpira unathamanga. Tsiku lachitatu, chigoli chili pafupi, sikirini inangoti mbuu, makina n'kudzizimitsa okha. Zinatero kanayi tsiku limenelo, anthu mpaka kutsala pang'ono kumenyana.

Bambo wina wokonza mafoni pa Namitete anaziyang'ana zonse ziwiri n'kupukusa mutu. Anandifotokozera kuti ndamanga ng'ombe zosiyana liwiro pa goli limodzi. Nthawi zina yothamanga imalolera kuyenda ndi inzakeyo, nthawi zina ngolo imathera mu dzenje, ndipo zanga zinali zokana. Ramu ziwiri za amuna anga zinachokera mu paketi imodzi, ndipo yofanana nayo sindikanaipeza msanga. Anandifunsa kumene kunali inzake.

Kwathu katundu wogawidwa pa maliro sabwerera. Ndinadziwa kuti akamva akuchimuna adzati mkazi uja ndi wadyera. Ndinalimbana nazo masiku angapo, kenako ndinanyamuka ulendo wa ku Kabudula.

Alamu ndinawapeza akusoka fodya m'chigafa. Kunyumba kwawo kunalibe magetsi, nanji kompyuta. Nditafotokoza, manyazi akundigwira, analowa m'nyumba n'kutulutsa sutikesi. Ramu ija inali yokulungidwa m'kampango koyera, pamodzi ndi kalata yawo ya ubatizo. Ndinatulutsa yakuda ija kuti tisinthane, n'kunena kuti ndi yatsopano, yoposa iyo.

Anaitembenuza m'manja, n'kundibwezera.

"Iyi achimwene sanaigwirepo, alamu."

Ndinayamba kumanga chitenje kuti ndizipita, koma anandiimitsa n'kufunsa ngati ana akudya. Ndinati akudya, koma movutikira. Anavundukula kampangoko, anaika ramu m'dzanja langa, ndipo kampango anakapinda bwinobwino n'kukabwezera mu sutikesi kopanda kanthu. Anandipempha kuti amalume asamve.

Nditafika ndinazibwezera zonse ziwiri m'malo mwake. Makina sanazimenso, ndipo anyamata anabwerera mmodzimmodzi. Yakuda ija ili m'kabati mpaka pano.

Alamu akabwera pa Nsaru tsiku la msika amadutsa kudzapereka moni. Sadziwa kusewera, ndipo safuna kuphunzira. Amakhala pa mapeto a benchi pafupi ndi bokosi, chipewa pa bondo, kumvetsera likulira, kenako n'kutsanzika. Pa abale onse, iwo okha ndiwo alibe kanthu ka malemu, ndipo amene ndinawalanda ndine.