Chombo Chopanda Chingwe

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinakangana ndi achimwene anga a Wilisoni pa nkhani ya chingwe. Ndikanena zimenezi anthu amaseka, koma ndi zoona. Matipate anali atangolowa, mapasipoti ayamba kutuluka mosavuta, ndipo mwamuna aliyense wa ku Senga Bay ankalankhula za ulendo. Ine ndinali ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi mtima wapachala, basi.

Ine ndi achimwene tinali ndi vidiyo sho: chisakasa cha bango, mabenchi, deki, sikirini ndi kajenereta. Matepi a karate analipo, koma amene ankadzaza anthu anali matepi amene mlendo wina anasiya ku hotela. Inali nkhani yakalekale ya pa TV ya kwawo, ya anthu oyenda ndi chombo pakati pa nyenyezi. Chombocho chinali chidole, aliyense ankaona. Chinkagwedezeka ngati mbale yolendewera, utsi wa kumbuyo kwake unkakwera m'mwamba ngati wa ndudu, nyenyezi zinali mabowo pa nsalu yakuda. Chilombo chikatembenuka, zipi ankaoneka kumsana. Ndipo pamwamba pa chombo panali chingwe chopyapyala ngati cha mbedza.

Asodzi ndi amene ankachiona msanga, makamaka a ku Mbenji pa miyezi imene chilumba chatsekedwa ndipo alibe chochita masana. Chikangonyezimira ankakuwa onse, "Chingwe icho!" nyumba yonse n'kufa ndi phwete. Achimwene ankakhala pampando pambali pa sikirini, n'kumafotokoza nkhani m'Chichewa. Chingerezi ankachimva mwa apo ndi apo, ndiye zambiri ankangopeka. Mkulu wa chombo anamutcha a Kapitawo, ati akukafuna usipa kumwezi.

Ine zinkandipsetsa mtima. Tsikulo ndinawauza pamaso pa anthu kuti, "Achimwene, mukunamiza anthu. Sananene zimenezo. Komanso tikulipiritsa amuna aakuluakulu kuti aone chidole chomangirira ulusi."

Iwo anangoti, "Wadandaula ndani, mphwanga? Khala pansi, ukutchinga."

Ndinamenya benchi theche, ndinatuluka. Gawo langa la bizinesi ndinawauza kuti andipatse ndalama zake, ndipo anandipatsa, atagulitsa njinga yawo. Ndi ndalama zimenezo ndinakwera basi.

Ku Joni ndinagwirapo maganyu osiyanasiyana mpaka ndinapeza ntchito pa shopu yobwereketsa matepi. Ndinkasesa, kubweza matepi kumayambiriro, kupukuta mashelefu. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa garaji pamodzi ndi mnzanga wa ku Nkhata Bay amene ankagwira ntchito nthawi imene ine ndagona, moti tinkangodziwana ndi fungo la bulangete. Kusungulumwa kwa kumeneko sikuli ngati kwa kuno. Anthu ali mbwee, koma ukhoza kutha sabata osamva munthu akukutchula dzina. Ndalama ndinkapeza, sindiname. Kunyumba ndinatumiza kangapo kochepa, zina zonse zinkathera lendi, mowa wa Loweruka ndi majekete amene kuno sindingavale chifukwa cha kutentha.

Mauthenga ankabwera ndi madalaivala a mathiraki. Wina anandiuza kuti, "Alamu ako a Nabanda akuti amuna awo akudandaula maso." Ndinapita pamsewu, ndinagula magalasi owerengera kwa wogulitsa malonda, ndinamupatsa dalaivalayo. Mumtima ndinati ndathana nazo. Uthenga wachiwiri utabwera, ndinati ndiyankha mwezi ukatha. Miyezi inatha yambiri.

Chaka changa chomaliza kumeneko, m'shopumo munafika bokosi la matepi atsopano. Nditaona chikuto ndinakhala pansi. Inali nkhani yathu ija, koma eni ake anali ataikonzanso ndi kompyuta. Anthu ake anali omwewo, zovala zomwezo, mawu omwewo. Koma kamera ikatuluka kunja kwa chombo, zonse zinali zina. Chombo chinkatembenuka mosalala ngati kampango m'madzi akuya, moto wake wowongoka, nyenyezi zikuyenda, maiko ali ndi mitambo yawoyawo. Malo ena anawatalikitsa kuti munthu aone bwino, ndipo kulira kwa injini ndi kwa mfuti anakusintha. Ndinayang'ana pamwamba pa chombo mpaka maso kuwawa. Chingwe kunalibe. Ndinakondwa ngati ndawina mlandu. Ndinagula seti yonse, ndipo kunena chilungamo, matepi amenewo ndi amene anandikumbutsa kuti ndili ndi kwathu. Ndinkafuna achimwene aone.

Ndinatsika minibasi ku Salima ndi zikwama ziwiri, n'kukwera matola mpaka kunyanja. Chisakasa chija chinali chitasanduka nyumba ya zidina. Achimwene ndinawapeza atakhala kale pampando wawo, atavala magalasi anga aja. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Wanenepa." Ndinaseka. Sindinadzifunse kuti n'chifukwa chiyani akundisisita mkono ponena zimenezo.

Alamu anga ndi amene tsopano ankatolera ndalama pakhomo ndi kuika tepi. Nditatulutsa yanga anandikokera pambali. "Alamu, dikirani kaye mupume. Tikambirane mawa."

"Za mawa n'zachiyani? Zaka zonsezi mukuonetsa anthu zinyalala." Ndinawalanda malo, ndinalowetsa tepi ndekha.

Nyumba inali yodzaza, dzuwa likuswa mtengo kunja. Chombo chitatulukira anthu anati, "Aaa!" kenako zii. Ine ndinaima kumbuyo, manja m'thumba. Achimwene anayamba monga mwa masiku onse: a Kapitawo adzuka, ayitana anyamata awo. Poyamba zinkagwirizana. Koma pa malo amene anawatalikitsa aja, iwo anapitirira. Anati, "Onani tsopano akutsika pachombo," pamene chombo chinali chikuzungulirabe dziko lofiira. Anaima, n'kutchera khutu. Injini inkalira mwachilendo. Anayambanso: "Chilombo chija chabwera kumbuyo kwawo!" Pa sikirini panali mkazi akumwa madzi.

Alendo awiri ochokera ku Lilongwe amene anakhala kutsogolo anaseka kwambiri. Mmodzi anati, "Madalawa akuonera filimu yawoyawo." Koma palibe wina amene anaseka. Achimwene anatembenuzira nkhope kwa anthu ngati akudikira chinachake, n'kufunsa motsitsa, "Kodi lero simukuona chingwe?"

Anavula magalasi, anawapinda bwinobwino, n'kuimirira. Alamu anawagwira pachigongono n'kutuluka nawo. Apo m'pamene ndinaona mmene ankapondera, phazi likufufuza pansi lisanatere.

Che Saidi, msodzi amene tinakulira limodzi, anandipeza kunja. Sanandinyengerere. "Wallahi, iwe sukulu inakupita padera. Munthuyu saona, chaka chachitatu chino. Tepi yakale ija anaisunga m'mutu. Tikakuwa chingwe, amadziwa pamene tafika. Pena tepi yatha mphamvu, chingwecho sichionekanso, koma timakuwabe pamalo pake."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Tinakuuza. Unatumiza magalasi."

Ndinkafuna kumumenya, chifukwa ndi zimene thupi langa limadziwa. Koma ndinangokhala pansi. Ndinaganiza za amuna onse aja, ena a mapemphero a Lachisanu, ena a Lamlungu, ena a matipate osiyana amene sankapatsana moni pamsika, akulipira pakhomo kuonera tepi imene ankaidziwa ngati njira ya kwawo, kuti munthu mmodzi asachoke pampando wake. Palibe anaitanitsa msonkhano. Ine mphwawo weniweni ndinabwera ndi jekete ndi kompyuta za eni ake n'kumuvula pagulu tsiku limodzi.

Masiku otsatira achimwene sanapite ku vidiyo. Ndinabwezeretsa tepi yakale, koma popanda iwo anthu ankangosuzumira n'kubwerera. Alamu ankandipatsa chakudya mwaulemu, osandiyang'ana. Ndinapita nawo achimwene kuchipatala ku boma, adokotala anati tinachedwa, diso limodzi likanapulumuka akanabwera pamene vutoli linkayamba. Sindinafunse kuti linayamba liti. Ndinkadziwa dalaivala amene anandiuza.

Pobwerera, tili pa matola, ndinayesa kupepesa. Mawu anatuluka okhota, ngati ndikuwakalipira. Iwo anandidula. "Zisiye izo. Che Saidi akuti chombo chako chatsopanocho n'chokongola. N'zoona?"

"N'chokongola, achimwene."

"Ndiye anthu achione. Sadzakhala akukuwira wakhungu mpaka kalekale, tepi ija yatsala pang'ono kuduka. Mawa m'mawa, anthu asanabwere, uike yakoyo. Ukhale pafupi nane, undiuze zonse zimene zikuoneka, mpaka ilowe m'mutu."

Pasipoti yanga inali idakali ndi masiku, ndipo abwana ku shopu anati andisungira malo. Sindinapitenso. M'mawa mwake ndinaliza jenereta, tinakhala awiriwiri m'nyumba yopanda anthu, ine ndi chala pa batani loimitsira.

"Chombo chikudutsa pafupi ndi dziko lofiira," ndinatero.

"Lofiira bwanji? Ngati dothi la kumtunda kapena ngati nyama?"

"Lofiira basi, achimwene!"

"Usakalipe. Yang'ananso."

Ndinabweza tepi, ndinayang'ananso. "Ngati njerwa yongotuluka mu uvuni."

"Eya," anatero achimwene, akukhala bwino pampando. "Kumeneko a Kapitawo akapsa mapazi. Pitiriza."