Dzinja Limene Ndinagwadira Wapolisi

Fungo la makala onyowa limandikumbutsabe dzinja limene ndinafika ku komboni ya Kanyama. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wochokera kumudzi ku Katete, ndipo azakhali anga ananditenga kuti ndidzapitirize sukulu m'tauni. Madzi obiriwira anadzaza m'tinjira, anthu ankadumphira pa njerwa zimene anayala, mbaula inkangofuka utsi osayaka. Ndinkayesetsa kuti azakhali asanong'oneze bondo. Ndinkatunga madzi asanandiuze, ndipo nsapato zakusukulu zimene anandigulira pa salaula, pamsika wa zovala zakale, ndinkazipukuta ngakhale ndinali ndisanazivale.

Pafupi ndi nyumba yathu panali kanyumba kamalata kometeramo tsitsi ka ba Mwansa. Ndinkakonda kuima pakhomo pake, kumvetsera kulira kwa makina ometera. Kulowa ndinkachita manyazi. Tsiku lina makinawo anasowa, ndipo wina anakumbuka kamnyamata kakumudzi kamene kamangoima pamenepo osalankhula. Wapolisi anabwera masana, azakhali ali kumsika wa Kamwala kokaoda katundu. Anandigwira padzanja, tinayenda m'matope, amayi oyandikana nafe akusuzumira m'mawindo.

Chipinda chimene anandilowetsamo kupolisi chinkanunkha nkhungu. Munali tebulo, benchi, ndi chidutswa cha paipi yakuda. Wapolisiyo atakhala pansi, ine ndinagwada, manja pamodzi, maso pansi, monga anatiphunzitsira kunyumba ndi kusukulu ya kwathu. Iye anaseka.

"Ona, wagwada kale. Munthu alibe mulandu sagwada. Niyangane mu menso, iwe."

Ndinayesa, koma khosi linakana. Chibadwire ndinali ndisanayang'anepo munthu wamkulu m'maso. Anati amene amabisa maso ndi kawalala. Funso linali limodzi lomwelo, loti kodi ndinaba makinawo, kubwereza mpaka maondo anachita dzanzi pasimenti yozizira. Sanandimenye. Ankangogogoda paipi ija patebulo, nkumati ndikavomera ndipita kunyumba, ndikakana ndigona m'selo ndi akuluakulu amene ndinkawamva akutsokomola kuseri kwa khoma. Ndinakana kawiri, motsitsa mawu, ndipo kukanako kunandiwawa, chifukwa kwathu kutsutsa wamkulu ndi mwano. Kachitatu ndinati inde. Atafunsa kumene ndinagulitsa makinawo, anatchula yekha msika, ine nkuvomeranso.

Azakhali anafika madzulo, chitenje chili chonyowa. Ba Mwansa anati nkhani ithe poti ndine mwana, ndipo apolisi anandimasula. Panjira azakhali anandifunsa funso limodzi lokha.

"Unavomela na kamwa kako?"

Ndinati inde. Zoti ndinatengadi kapena ayi sanafunse, ndipo ine sindinkadziwa kuti mwana angayambe yekha kufotokoza asanafunsidwe. Masiku otsatira ankakhoma chipinda chawo akamachoka. Sukulu isanatsegulidwe anandikweza basi ya ku Katete, ndipo maphunziro a m'tauni anathera pomwepo.

Nditakula ndinamva kuti lamulo sililola kufunsa mwana mlandu popanda kholo kapena womuyang'anira, ndiponso kuti mawu otuluka chifukwa choopsezedwa khoti siliyenera kuwalandira. Koma nkhani yanga sinafike kukhoti. Inaweruzidwa panjira yamatope, ndi munthu amene ankandikonda. M'basi muja ndinkalira, komabe mumtima ndinkadzitonthoza kuti sindinachititse manyazi makolo anga, popeza ndinayankha wamkulu mwaulemu mpaka pamapeto. Lero ndimaona kuti m'chipinda chakupolisi chija munkafunika munthu mmodzi yekha wondiuza kuti ndinyamuke, ndikhale pabenchi.