Ndinagonamo Ine Poyamba

Miyendo yangayi sidziwa kukhala pansi. Ndikangomva thu-thu-thu wa njinga yamoto kuseri kwa phiri, khasu ndataya, nshawa ndasiya, ndili kale pamsewu. Amati ambuya awa ali ndi nyerere m'chitenje. Anene, anene. Ine ndidziwa chimene ndithamangira.

Njinga yamoto ija inafika pa kiliniki yathu, kuno kumapiri a Vubwi, chaka chimene mdzukulu wanga anatenga pathupi poyamba. Sinali ngati za anyamata onyamula anthu kumalire. Matayala ake a mano ngati a thalakita, ndipo m'mbali anailumikiza kabedi kachitsulo ka tayala limodzi, kadenga kake ka tenti. Woyendetsa, bambo wina wa mpingo wathu, anatiuza kuti opanga ake ndi anthu ochepa chabe, kutali uko. Anayamba ndi njinga zokwera mapiri, kenaka anakumbukira odwala, naikapo bedi.

Koma amayi a m'mudzi anangoona kutalika kwa kabediko ndi kupapatiza kwake, nati ili ndi bokosi la maliro, wogonamo wadziitanira imfa. Miyezi inapita, palibe anagonamo. Nkhuku zokha ndizo zinali kubisala dzuwa pansi pake.

Anamwino anali atanena kale kuti mwana m'mimba mwa mdzukulu wanga wagona mopingasa, wobadwira kuchipatala chachikulu basi. Mawuwo anandilowa m'mafupa. Mayi wake wa mdzukuluyu, mwana wanga woyamba, anathera m'chikochikale, ngolo ya ng'ombe, panjira yomweyo, ng'ombe zikali kulimbana ndi matope a padambo. Choncho ndinali kungozungulira nyumba, kusesa posesa kale, kutunga madzi mitsuko ili yodzaza.

Matenda anamuyamba m'mawa, mvula itagwa masiku atatu. Njinga inabwera. Mdzukulu anaima pakhomo, dzanja pamsana, dzanja pachitseko.

"Ambuya, umo ine sindilowa. Mundinyamule ngati mtembo ndikali kupuma?"

"Lowa, mayi wanga, dzuwa likwera."

"Mangani ng'ombe."

Atatchula ng'ombe, mtima wanga unalumpha mpanda. Ndinavula patapata, ndinamanga chitenje, ndinakwera m'kabedimo, chagada, nkhalamba yonse.

"Atate, lizani," ndinauza woyendetsa. "Zungulirani mudzi, anthu aone mtembo woyimba."

"Ambuya, mafutawa ndi a odwala."

"Wodwalayo uyo pakhomo, sakwera ine ndisanatsike. Lizani."

Tinazungulira. Pachitsime, patchalitchi, pakhola la mbuzi, ine ndili kuyimba ya kwaya, mawu akudumphadumpha ndi miyala. Amayi anatula zidebe. Mnzanga wa paubwana anafuula kuti, "Iwe mfiti, wayamba kuyeza bokosi lako?" Ndinati, "Landikwana, koma lero sindigula."

Pakhomo ndinatsika ndekha, mwendo uwu, mwendo uwu, ndinatyola m'chiuno pang'ono. Mdzukulu anaseka, ululu unamudula kusekako pakati.

"Denga musatseke, ndizione kumwamba," anatero. "Ndipo inu musandisiye."

Anagonamo. Ine kumbuyo kwa bambo aja, dzanja ili pajekete lawo, dzanja ili paphewa la mwana. Tsika, kwera, tsika, kwera. Dambo lija tinaliwoloka matayala akulavula matope kumsana kwathu. Pamtengo pamene mayi wake analekera kupuma sindinatsinzine. Ndinapayang'ana, tinapapitirira.

Madokotala anamung'amba dzuwa lisanapendeke. Kamtsikana, kamtsikana kolira ngati njinga yomweyo. Lero kali kuthamangitsa abakha anga, mayi wake ali kumunda wa thonje.

Tsopano wa mimba yoyamba akachita mantha, amanditumira mawu. Ndigonamo, ndizungulira, ndiyimba, nditsika. Tsiku lina bondo linakana, woyendetsa anachita kundikoka ngati thumba la chimanga. Anati ndipumuleko. Ndipumule bwanji, kutsidya kwa mtsinje kuli wina mwezi wake ndi uno, ndipo ndamva kuti apongozi ake ayamba kale kudyetsa ng'ombe za chikochikale.