Mchere wa Amayi ndi Chifuwa cha ku Joni

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anatsika sitima pa Golomoti kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anabwera ndi sutikesi yachitsulo, mabulangete, njinga yonyezimira, komanso chifuwa. Katundu winayo mudzi wonse unamuona nkululutira. Chifuwacho tinkachimva ndife a m'nyumba.

Njinga ija sanaikwere nthawi yaitali. Pofika nyengo yothyola thonje, munthu amene kale ankasenza thumba lachimanga ngati pilo anali akupumira panjira pochoka pakhonde kupita kunkhokwe. Ankakhala pansi pa mtengo wa bwemba, malaya ali pambali chifukwa cha kutentha, nthiti zikuwerengeka. Tsiku lina ndikuwapatsa madzi anandiuza kuti, "Pansi paja, mwanawe, tinkaboola mwala ndi makina. Fumbi lake loyera ngati ufa, ukalavula malovu ngati phala. Anzanga onse a gulu langa akutsokomola chonchi." Ine ndinangogwedeza mutu, maso ali pa belu la njinga.

Koma kwathu mwamuna akabwera kuulendo nkuyamba kutsokomola ndi kuonda, anthu sankafunsa kumene iye anali. Ankafunsa zimene mkazi ankachita. Ankati ndi mdulo: mkazi akayenda ndi mwamuna wina nkuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula pachifuwa, ndipo mankhwala sagwira mpaka mkaziyo ataulula. Amayi anali pachitengwa, m'mudzi wa bambo, kutali ndi abale awo. Azakhali anga a Nangozo, mlongo wawo wa bambo, mayi wa pakamwa posatseka, ndiwo anaitanitsa ankhoswe.

Anasonkhana pansi pa bwemba pomwe paja. Amayi anagwada cha kumapeto kwa mphasa, nsalu yatsopano imene bambo anawagulira ili m'chiuno.

"Mlamu, nkhani ndi yaifupi," anatero azakhali. "Tchulani munthuyo tipange mankhwala, mukhale muzidwazika amuna anu. Mukakana, njira ya kwanu mukuidziwa."

"Nditchule ndani?" amayi anayankha. "Zaka zonsezi ndalima ndekha, denga ndafolera ndekha. Ndipeke munthu, nditchule mwamuna wa mwini wosalakwa?"

Bambo anakweza dzanja. Ine mtima unakhala pansi, ndinati basi zatha. "Ndimvereni," anayamba. "Mkazi wanga musiyeni. Si mchere ayi, ndi..." Chifuwa chinawagwira pomwepo. Anatsokomola mpaka kugwira pansi ndi manja, ndipo zimene analavula zinali zofiira.

"Mwaonatu!" anakuwa azakhali. "Magazi ayankha okha."

Sindidziwa chimene chinandiimiritsa. Ndinangozindikira ndikufuula kuti, "Ndi fumbi! Anandiuza okha, ndi fumbi la mwala!" Nkhoswe wina anaseka nkunena kuti, "Fumbi? Nanga ife olima thonje timapuma chiyani?" Wina anandikoka diresi nkundikhazika pansi, akuti mwana wopanda mwambo. Ndinayang'ana bambo kuti andithandize. Milomo yawo inkayenda, koma mpweya wotulutsira mawu unalibe. Chiyambire sindinadzionepo wachabechabe ngati tsiku limenelo.

Amayi sanatchule munthu. M'mawa mwake anasiya phala la bambo pamoto, anandigwira dzanja, tinayenda wapansi mpaka kwawo kufupi ndi Mua. Bambo anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Pamaliro amayi anakhala kumbuyo kwenikweni ngati munthu wongodutsa, ndipo palibe amene anawagwira dzanja.

Sukulu ya mishoni inanditenga, kenaka maphunziro anandifikitsa kutali. Moyo wanga wonse wa ntchito ndauthera pa kafukufuku wa matenda amene anthu amatenga kuntchito. Ndayang'ana zithunzi za m'chifuwa za amuna obwera kumigodi mpaka maso kuwawa, ndipo timadontho toyera ta fumbi lija ndimatizindikira ngati nkhope ya mbale. Ndalemba, ndaphunzitsa pa yunivesite, ndayankhula m'misonkhano anthu nkuwomba m'manja. Ophunzira anga akandifunsa chimene chinandikokera ku ntchito yopanda ulemerero ngati iyi, ndimangoti ndi chidwi, poti nkhani ya mchere siikwana m'kalasi.

Chimene ndikudziwa tsopano nchakuti choona sichidziyankhulira chokha. Chimafuna munthu wokhala ndi mpweya m'chifuwa, ndiponso msinkhu woti anthu amumvere. Pansi pa bwemba paja bambo anali ndi msinkhu koma analibe mpweya, ine ndinali ndi mpweya koma ndinalibe msinkhu. Pamene ndinkapeza zonse ziwiri, azakhali ndi ankhoswe aja anali atagona kale kumanda, panalibenso womuuza.

Amene anatsala anali amayi okha, atakalamba. Ndinapita nacho kumudzi chithunzi chimodzi, ndinachikweza padzuwa nkuwaonetsa timadontho tija. Ndinati, "Amayi, chinapha bambo ndi ichi." Anachiyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti, "Ine ndinkadziwa kale, mwanawe." Kenaka anabwerera kukhitchini kumene ankaphika chisoso. Posakhalitsa ndinamva akundiitana, monga ankachitira nthawi zonse ndikakhala pakhomo chichokere m'mudzi wa bambo, kuti ndikawathirire mchere.